Tsiku Limene Amalume Anatafuna Kadyansonga

Ndinafika ku Doha nditangolemba mayeso a Fomu 4, zotsatira zisanatuluke. Achemwali anga, amene anatsogola kubwera kuno, ndiwo anandipezera ntchito yokolopa m'maofesi a ku Al Dafna, m'nyumba zazitali zija zoti ukayang'ana kumwamba mpango umafuna kugwa kumutu. Maganizo anga anali oti ndigwire kaye pang'ono, kenako ndikachite kosi ya unamwino, ndipo maganizowo sanasinthe. Masiku ambiri a kuno amafanana. Umakwera basi, umagwira mopu, umakweranso basi. Koma Lachisanu lina la kumapeto kwa nyengo yotentha sindidzaliiwala.

Kuno tili ndi amalume athu, alongo awo a mayi. Ndi asekyurite, ndipo anakhalitsa moti Chiarabu chawo chimaseketsa ngakhale eni ake. Amakhala ku Al Mansoura ndi akazi awo, amene ife timangowatchula anti, m'chipinda chimodzi cha fulati yogawidwa ndi matabwa. Ukayetsemula, wa chipinda china amakupepesa. Lachisanu lililonse tikakhala pa ofu, ine ndi achemwali tinkapita kumeneko kukadya mpunga ndi kuyankhula Chichewa mpaka kukhosi kuume.

Kwathu ku Machinga nkhani ya ukwati imadutsa kwa malume. Bambo amangouzidwa. Ndiye pamene achimwene ena a ku Ntaja, oyendetsa galimoto pa banja lina la ku Al Nasr, anafunsira achemwali, mayi anayankha pa foni kuti iwo alibe mawu, mawu ali ndi alongo awo amene akumuona munthuyo ndi maso. Achemwali ankafuna nikaha, ukwati wathu wa Chisilamu, ichitike kumudzi kumapeto kwa chaka, onse awiri akapita ku vakeshoni. Zikanalephereka pamenepo, akanadikira kontirakiti ina ithe, ndipo kontirakiti za kuno sizithamanga.

Amalume sanakane, sanavomerenso. Ali ndi lamulo lawo limene aliyense pa mtundu pathu amalidziwa. Sadya chilichonse chochokera m'manja mwa mwamuna wofunsira mwana wa m'banja mwathu, kufikira atamuvomera. Akangodya, ndiye kuti nkhani yatha. Achimwene a ku Ntaja anabweretsa tende, zipatso zotsekemera za kuno, amalume anagawira aneba. Anabweretsa biriyani wotentha, amalume anati alhamdulillah akhuta, pamene tonse tinkamva mimba yawo ikulira. Anti atawafunsa chimene amadana nacho pa mnyamatayo, anati sadana naye, mzikiti amapita, ntchito amagwira, koma nkhani zake amathira nsinjiro zambiri moti ndiwo zenizeni sizioneka. Zimenezi zinali zoona. Achimwenewo akakumana ndi mphaka pa geti, pofika kwa ife amakhala kuti ndi kambuku.

M'nyengo yotentha mabwana ambiri amathawa dziko. Bwana wa achimwenewo anapita kukasaka nyama m'dziko lina la kummwera kwa Africa, ndipo anawatenga. Bwanayo ankaganiza kuti munthu aliyense wa ku Africa anakulira pakati pa nyama zakutchire. Achimwenewo sanatsutse, ngakhale kadyansonga anangomuonapo m'buku la ku pulayimale, monga tonsefe. Atabwerako anali ndi jumbo ya nyama youma, yodulidwa mizeremizere, imene bwana anawapatsa. Inali nyama ya kadyansonga.

Achemwali anasangalala ngati apeza kiyi yotayika. Anati tende aliyense angabweretse, koma ku Machinga konse ndani anadyapo kadyansonga? Amalume sakanatha kudziletsa. Achemwaliwo anandipempha kuti, poti ndinaphunzira Bayoloje, ndiwerenge za nyamayi pa foni kuti pasakhale funso lotigwetsa. Ndinawerenga ndi mtima wonse m'basi sabata yonseyo. Ndinapeza kuti khosi lonse lija lili ndi mafupa ochuluka chimodzimodzi ndi khosi langa, ndipo ndinakondwa kwambiri, koma palibe amene anandifunsa zimenezo.

Tsikulo amuna atabwera ku pemphero la Juma, tinakhala pa kapeti. Achimwene a ku Ntaja anavala kanzu yoyera yosita bwino. Anatsegula jumbo, n'kuyala nyamayo pa mbale yabwino ya anti, n'kuipereka ndi manja awiri atagwada. Fungo lake linatifika mbale isanafike. Linali ngati la tonde wokalamba amene wagona m'sitolo ya mankhwala. Mayi wa ku Philippines wa chipinda choyandikana anagogoda pa thabwa kufunsa ngati mu eyakoni yathu mwafera chinthu.

Amalume anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali, manja ali pa maondo. Kenako anafunsa modekha.

"Nyamayi inafa bwanji, achimwene?"

Tinazindikira pamenepo kuti anti anawatsina khutu kale, chifukwa amalume anali atakonzeka. Anati anakafunsa kwa shehe wina wa ku mzikiti wa pafupi, ndipo kadyansonga payekha alibe vuto, amadyedwa. Nkhani ili pa imfa yake. Nyama yosakidwa ili ndi malamulo ake. Woombera atchule dzina la Mulungu poombera. Akathamangira n'kuipeza yafa kale ndi bala la chipolopolocho, ndi halali. Koma akaipeza ikadali moyo, ayenera kuichinja bwinobwino ngati mbuzi ya pakhomo. Anati iwo sakukana mphatso, akungofuna kumva mmene zinayendera kuyambira pachiyambi.

Achimwenewo anayamba bwino, ndipo ndiyenera kuwayamikira. Anati kadyansonga amakuona iwe usanamuone. Ukamayang'ana mitengo, umangozindikira kuti mtengo wina uli ndi makutu. Sathawa msanga. Amaima n'kukuyang'ana kuchokera kumwamba uku akutafuna, ngati mayi wa pamsika amene watsimikiza kuti satsitsa mtengo wa tomato. Maso ake ndi aakulu, nsidze zazitali kuposa za atsikana ogulitsa perefyumu m'mamolo. Akayamba kuthamanga amaoneka waulesi, ngati filimu ikuchedwa, koma galimoto imavutika kumupeza. Mzungu amene ankawatsogolera m'tchiremo anawachenjeza kuti nyamayi ndi yofatsa mpaka uifike pafupi. Imaponya mwendo kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali momwe, ndipo mkango ukalandira chidendene chimodzi sudyanso nyama. Amphongo akamamenyana amamenyana ndi makosi, phokoso lake ngati munthu akukuntha matiresi. Amene bwana anasankhiridwa anali mphongo yokalamba, yakuda mawanga, yoyenda yokha. Mphongo zotere ndizo zimanunkha. Apa anti anati zimenezo sakufunika kutiuza.

Zonsezi zinkagwirizana ndi zimene ndinawerenga, ndipo ndinkagwedeza mutu kuti achemwali aone kuti tili pabwino.

Amalume anafunsa pamene chipolopolo chinalowa. Achimwenewo anayesa kuloza pa thupi lawo, koma amalume anati munthu sanapangidwe ngati kadyansonga, akufuna aone bwino. Anti anatulutsa tebulo lositira zovala n'kuliimika pakati pa chipinda. Limenelo linakhala thupi, poti miyendo lili nayo kale. Ine anandiuza kuti nditenge mopu, poti ndiyo ntchito yanga, ndiigwire choimika kutsogolo kwa tebulolo kuti ikhale khosi. Kumwamba kwake anti anavekako sokosi ya amalume kuti ukhale mutu. Sokosiyo inkakhudza denga. Ndinaigwira mosamala kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti ukwati wa achemwali ukudalira pang'ono pa ine.

Achimwenewo anagwada pambali pa tebulo n'kufotokoza zimene mzungu uja anajambula pa mchenga. Mtima wa kadyansonga suli pamene pali wa mbuzi kapena wa gwape. Uli kumwamba ndiponso kutsogolo, pakati pa mapewa, pafupi ndi pamene khosi layambira. Munthu wozolowera nyama zina amaombera kuseri kwa mwendo wakutsogolo, ndipo pamenepo amangoboola mimba, nyama n'kuthawa ikuvutika, alenje n'kuilondola tsiku lonse. Ikaima chammbali, umakweza mfuti kutsata mwendo wakutsogolo mpaka pa phewa penipeni. Ikakuyang'ana, pa chifuwa pake pali mabampu awiri, ndipo umaloza pakati pawo. Kumutu mzunguyo analetsa, chifukwa mutu ndi waung'ono, uli kutali, ndipo sukhala malo amodzi. Anandiuza kuti ndigwedeze mopu kuti amalume aone, ndipo ndinagwedeza. Anawonjezera kuti chikopa cha pamenepo ndi chokhuthala ngati tayala la lole, choncho mfuti imafunika yaikulu. Bwana anaombera pa phewa, pamalo pake penipeni. Anagogoda tebulo ndi chala pamene anti amaika nsimbi.

Amalume anagwedeza mutu, n'kunena kuti mashallah, mnyamata amamvetsera. Ndinamva achemwali akutulutsa mpweya umene anausunga kuyambira m'mawa.

Vuto linali kugwedeza mutu komweko. Achimwenewo anali asanaonepo amalume akuwagwedezera mutu, ndipo kunawalowa ngati tiyi wa shuga wambiri. Ndinaona maso awo akuwala, ndipo ndinadziwa kuti nsinjiro zafika.

Anati nyamayo inagwa koma sinafe. Inabangula mpaka mbalame zonse zinathawa m'mitengo. Ine ndinali nditawerenga kuti kadyansonga sabangula, nthawi zambiri samveka n'komwe, koma khosi siliyankhula, ndiye ndinangokhala chete. Anati bwana anabwerera m'mbuyo, mzungu anabwerera m'mbuyo, anyamata osenda zikopa anakwera galimoto. Bwana anakuwa kuti yala, yala, fulumirani, ndani angamalize? Ndipo iwo, mwana wa ku Ntaja, anavula jekete n'kupita okha.

Amalume anati zili bwino kwambiri. Poti anaipeza yamoyo, ndiye kuti halali yonse ya nyamayi ili m'manja mwa amene anaichinja. Analoza mopu.

"Tandionetsani pamene munadula."

Achimwenewo anayang'ana mopu kuyambira pa sokosi mpaka pa manja anga. Anayang'ananso kuyambira pa manja anga mpaka pa sokosi. Pa mbuzi munthu safunsa, khosi lake ndi lalifupi, mpeni umadzipezera wokha malo. Apa panali malo ambiri osankhapo. Pomaliza analoza pakati.

Amalume anafunsa kuti anaima mbali iti. Achimwenewo anakumbukira za miyendo ija, n'kunena kuti anadzera kumbuyo, ku msana. Amalume anadabwa mwaulemu, n'kufunsa ngati kadyansonga ali ndi kholingo ndi mitsempha ya magazi kumbuyo kwa khosi, mosiyana ndi zolengedwa zina zonse. Achimwenewo anati ayi, anayambira kumbuyo koma kenako anazungulira. Atafunsidwa za mpeni, anati unali kampeni kaja ka pa makiyi a galimoto. Amalume anati ndi kampeni kamphamvu, kodula tayala la lole. Anafunsanso ngati nyamayo anailozetsa ku Kibula, kumene timayang'ana popemphera. Apa anti analowerera kuti zimenezo ndi suna chabe, si lamulo lokakamiza, koma achimwenewo anali atathamanga kale kutsogolo. Anati anatsegula kampasi ya pa foni, n'kuigwira nyamayo tinyanga take tija, n'kuikoka mpaka italoza bwino. Amalume anafunsa kulemera kwake. Anati ngati pikapu. Amalume anafunsa ngati pikapuyo inali itasiya kuponya miyendo pa nthawiyo.

Thukuta linayamba kuoneka pa kanzu, eyakoni ikugwira ntchito bwinobwino. Achimwenewo anaona kuti kampeni kawapanikiza, ndiye anafuna njira yotulukira. Anati kunena zoona kampeniko kanapindika, choncho anathamangira ku galimoto, n'kutenga jeke, n'kuimenya pamutu kamodzi kokha, khalasi, nkhani yatha.

Amalume anaika chala chimodzi pa mbale n'kuikankha pang'onopang'ono mpaka inafika pa maondo a mwini wake. Anati nyama yopezeka yamoyo n'kumalizidwa ndi jeke ndi nyamafu, yosaloledwa kudya, ndipo ngakhale mwana wa ku madarasa amadziwa. Anauza anti kuti akaipereke kwa amphaka a mumsewu, ngati amphakawo angalole. Ananenanso kuti kulimba mtima akuyamikira, si aliyense angamenye kadyansonga ndi jeke.

Ndinayang'ana achemwali. Iwo si munthu wolankhula pamaso pa amalume, ndipo tsiku lonselo anali atangoyang'ana maluwa a pa kapeti. Sanakweze mutu ngakhale pamenepo.

"Nenani zimene munandiuza pa foni tsiku lomwe lija," anatero. "Zimenezo zokha. Ine disemba ino ndikufuna ndipite kumudzi ndi nkhani."

Achimwenewo anafotokoza ndi mawu aang'ono amene ndinali ndisanawamvepo. Ntchito yawo m'tchiremo inali yonyamula kulaboksi ya madzi. Pamene mzungu anaimika timitengo toikapo mfuti, iwo ananjuta kumbuyo kwa miyendo ya bwana n'kutsinzina. Anafuna kutseka makutu onse, koma dzanja lina linali ndi kulaboksi, ndiye anatseka limodzi. Ndi khutu lotsalalo anamva bwana akunena Bismillahi, Allahu akbar, kenako mfuti. Atatsegula maso anaona kadyansonga akuthamanga pang'ono, n'kuima, n'kugwa ngati pholo la magetsi. Bwana ndi mzungu anathamangira pomwepo n'kupeza yatha kale. Iwo anafika pomaliza. Ataona diso lija lili chotsegula, nsidze zili ndi fumbi, analira. Bwana anawapatsa tishu. Anyamata osenda zikopa anawaseka mpaka tsiku lonyamuka. Nyamayo sanaikhudze n'komwe kufikira itauma.

Palibe anaseka, ngakhale anti. Ine ndinamva chisoni ndi kadyansonga uja, ndipo ndinaweramitsa mopu pang'ono osadziwa.

Amalume anafunsa ngati ali ndi chitsimikizo kuti anamva Bismillahi. Achimwenewo anati wallahi, khutu lawo linali pa bondo la bwana. Anafunsa ngati bwana anazengereza kupita pa nyamayo. Anati ayi, anathamanga mpaka chipewa chinagwa. Amalume anawerengera zala zawo chamumtima. Woombera ndi Msilamu, dzina la Mulungu linatchulidwa, bala linatulutsa magazi, anaipeza yafa. Anatambasula dzanja n'kukokera mbale ija kwa iwo.

"Nyama iyi ndi halali," anatero. "Yaija ya jeke ndiyo inali haramu."

Anasankha kachidutswa kakang'ono, n'kunena Bismillahi, n'kuika m'kamwa.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, koma kadyansonga wokalamba, woumitsidwa pa dzuwa, sagonja msanga. Amalume anatafuna. Anasamutsira ku tsaya lamanzere, kumene mano alipo ambiri, n'kutafunanso. Mitsempha ya m'mutu inaonekera. Fungo limene ife tinkalimva patali iwo linali m'kamwa mwawo, ndipo maso anayamba kufiira. Tonse tinkayang'ana kukhosi kwawo. Achimwene a ku Ntaja ankatafuna nawo m'kamwa mopanda kanthu, ngati mayi wodyetsa mwana phala. Achemwali anali atagwira mpango wanga mwamphamvu moti unayamba kutsika. Mayi wa ku Philippines anagogodanso kufunsa chifukwa chimene a Malawi akhalira chete lero.

Adhana yoitanira ku swala ya Asiri, pemphero la madzulo, inamveka amalume akadali pa ntchito. Anatsokomola mwaulemu, n'kutenga tishu, n'kuiyandikitsa kukamwa ngati akupukuta milomo. Anti anawagwira dzanja. Anati lamulo limene analipanga okha ndi lakudya, ndipo iwo sanaonepo munthu akukhuta ndi zotafuna n'kulavula. Akalavula, anti aimba foni ku Machinga pompano n'kuwauza alamu awo kuti alongo awo agonja kwa nyama yakufa. Anathira tiyi wa karaki wotentha m'kapu n'kuwapatsa m'manja.

Amalume anayang'ana kapu, anayang'ana achemwali, anayang'ana mnyamata wa kanzu yonyowa uja. Anamwa karaki wambiri nthawi imodzi n'kutsinzina. Tonse tinaona chinthucho chikutsika pakhosi, pang'onopang'ono, ngati lifiti ya ku ntchito kwathu ikadzaza.

Atapeza mpweya anapukuta misozi ndi tishu ija. Anauza achimwenewo kuti awauze akwawo akaonekere kwa mayi athu mwezi uno usanathe, kuti za disemba ziyambe kukonzedwa. Anati pa nikaha pakhale mbuzi, mbuzi wamba ya khosi lalifupi, ndipo wochinja adzasankha iwo. Achemwali anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka. Ndikuganiza kuti zinali zonse.

Amalume anaimirira n'kukonza kofia yawo.

"Tiyeni ku swala, akamwini."

Achimwenewo anayang'ana kumbuyo kuti aone amene akuitanidwa. Kumbuyo kwawo kunali firiji. Atazindikira, anadzuka mofulumira n'kutuluka pakhomo amalume asanatuluke, zimene si ulemu, n'kubwereranso, n'kupepesa, n'kutulukanso. Tinamva mapazi awo akutsika masitepe awiriawiri. Amalume anatsala pakhomo akuyang'ana pansi, osavala kanthu kumapazi, chifukwa mkamwini wawo anali atapita ndi nsapato zawo.